Mphaka amene ndinamukwirira m'bulangete la mwana

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni. Mundipirire, nkhani yanga si yokoma.

Ambiri mumanditchula kuti gogo wa amphaka. Ena mumanena moseka, ena ayi. Ntchito yosamala amphakayi ndinaiphunzira kupulazi komwe ndinabadwira. Ndinkagwira ya m'nyumba, ndipo adona akapita kutchuthi ankandisiyira amphaka awo. Mapulazi a azungu atatha tinabwera kuno ku Hatcliffe ndi mabulangete okha, posakhalitsa amuna anga n'kumwalira. Ndinayesa kugulitsa tomato, ndinayesa kuchapa zovala kumayadi a anthu olemera ku Borrowdale. Kumeneko ndinaona kuti mabwana akafuna kuyenda ulendo amasowa pomusiya mphaka. Ndiye ndinamanga makola asanu ndi limodzi a waya kuseri kwa nyumba. Eni ake amabweretsa chakudya, ine ndimadyetsa, ndimasintha mchenga m'mawa uliwonse. Zidzukulu zanga zinayamba kudya kawiri pa tsiku.

Koma abale, inu mukudziwa zimene anthu athu amaganiza akaona mphaka. Kuwonjezera apo ndine Mmalawi m'dziko la eni, wamasiye, wokalamba. Anthu ankangodikira tsiku.

Tsikulo linafika. Mphaka wina wokalamba kwambiri anafera m'manja mwanga, mwini wake ali kunja kwa dziko. Nditamuimbira mayiyo analira ngati wafedwa mwana, n'kundipempha kuti, "Musamutaye kudzala. Mumukulunge m'kabulangete kake, mumukwirire bwinobwino, munditumizire chithunzi." Kabulangete kameneko kanali ka ana akhanda. Ine kupusa kwanga ndinachita monga tinkachitira kupulazi. Masana dzuwa likuswa mtengo ndinakumba kuseri, ndinagwada, ndinamugoneka, n'kuika mwala pamwamba. Sindinaganize kuti aneba akusuzumira pampanda.

Patapita masiku atatu mwana wa Rudo anamwalira. Rudo ndi mtsikana wokwatiwa pakhomo loyandikana ndi langa, ndipo mwanayo anali wa miyezi isanu ndi itatu. Anatsegula m'mimba masiku awiri, basi.

Ndinapita kumaliro nkhuni zili pamutu. Apongozi ake a Rudo anandiimitsa pageti. "Muroyi, mwabwera kudzaona ntchito yanu?" Muroyi, abale, ndiye mfiti. Anthu anandikokera kwanga, n'kundiponyera khasu. "Fukula chimene unakwirira." Ndinafukula. Fungo, ntchentche, anthu atandizungulira. Potsegula kabulangete ndinati tsopano aona kuti ndi mphaka, andisiya. Ayi ndithu. Bambo wina anati, "Munthu wabwinobwino angaike mphaka m'manda ngati munthu? Anatsogoza mphaka kuti mwana atsatire." Anathyola makola anga. Amphaka awiri a eni ake anawapha ndi njerwa ine ndikuona. Nditawauza eni akewo, mmodzi ananditukwana, ndipo sindimuimba mlandu.

Chaka chathunthu, abale, chaka chathunthu. Ndikaika chidebe pamjigo ena ankachotsa zawo. Amayi akandiona ankakokera ana kumbuyo kwawo. Ndipo abusa mundikhululukire, ndinena: ngakhale muno m'tchalitchi benchi yanga inali ndi malo ambiri. Sinditchula munthu, mukudzidziwa nokha. Makola ndinawakonza, ntchito sindinasiye, chifukwa zidzukulu zikanadya chiyani? Koma ndinkapemphera kuti Mulungu angonditenga. Ndinkapemphera choncho ndithu.

Lachiwiri lapitali ndikutsuka mbale za amphaka ndinamva odi. Anali Rudo, atabereka khanda latsopano. Anakhala pansi padothi, maso pansi.

"Gogo, ine ndinkadziwa," anatero. "Anesi anandiuza kuti chinapha mwana wanga ndi madzi a pachitsime chathu. Koma madziwo ndinamumwetsa ndine. Ndikananena, apongozi akanati ndapha mwana ndine. Ndinakhala chete kuti mlandu ukhale wanu."

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti ndinakhululuka pomwepo. Mtima unandiwawa koopsa, ndinafuna kumuthamangitsa ndi tsache. Koma ndisanatsegule pakamwa anamasula nsalu, n'kundiika mwanayo m'manja. Ine, amene amati ndimadya ana. Manja anga anali onyowa, akununkha nsomba. Mwanayo anangoyasamula n'kupitiriza tulo, ndipo ine ndinalira mpaka mawu kutha.

Chaka chija sichidzabwerera. Apongozi ake a Rudo mpaka lero sandiyankha moni. Koma Mulungu anatsegula pakamwa pa munthu mmodzi amene ankadziwa choona, ndipo Rudo ali kumbuyo uko, ndi iye wandiuza kuti ndinene zonse pamaso panu. Musamuyang'ane moipa, nayenso anavutika, anaika mwana m'manda.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandiyankhe pemphero lija lakuti ndife. Amayi, imbani nthungululu. Ndithandizeni kukondwera, abale, chifukwa pandekha ndinaiwala kale mmene amakondwerera. Ameni.