Ankati Amuna Anga Aba Feteleza

Moni kwa nonse amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene amuna anu amakhalira pamsewu. Ine ndine Felesiya, ndimakhala kufupi ndi Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa zina zimandiwawabe, koma kubisa zimene Mulungu anandichitira kungakhale kusayamika. Kwa miyezi iwiri anthu ankanditcha mkazi wa mbava, ndipo m'miyezi yomweyo ndinataya mwana amene ndinkayembekezera.

Amuna anga, a Levisoni, anali dalaivala wa thiraki. Ankagwira ntchito kwa bwana wina amene yadi yake yosungirako mathiraki ili cha ku Njewa, ndipo kawirikawiri ankapita ku Beira kukatenga katundu. Chaka chimenecho, mvula itatsala pang'ono kugwa, anawatuma kukatenga feteleza. Anandiimbira foni akunyamuka ku Beira, nati ndiwaphere nkhuku Loweruka. Loweruka linafika, nkhuku ndinapha, koma iwo sanabwere, ndipo foni yawo sinkapezekanso. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo mwana wathu woyamba, Tadala, anali mu sitandade sikisi.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku Njewa kukafunsa. Mlonda anandisiya kunja kwa geti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Bwana atatuluka sanatsike n'komwe m'galimoto, anangotsitsa galasi.

"Iwe ndiwe mkazi wa Levisoni eti? Ukamuuze kuti feteleza wanga ndikumufuna. Usandilirire pano, mwadyera limodzi."

Ndinayesa kufunsa ngati atumize munthu kukawafufuza, koma galasi linali litakwera kale.

Patapita masiku awiri, amuna anayi a kuyadi kuja anafika pakhomo panga masanasana. Anang'amba matiresi ndi mpeni, anakhuthulira pansi matumba a chimanga chathu n'kumachiponda, anakumba ngakhale pansi m'khitchini. Anthu a m'mudzi anaunjikana kumaonerera ngati kuli mpira. Mmodzi wa amunawo anandilanda foni, nandigwaditsa pabwalo padzuwa kuti ndinene kumene amuna anga abisala. Tadala pochokera kusukulu anandipeza ndili chigwadire, ndipo anayamba kukuwa. Nditafuna kudzuka kuti ndikamugwire, munthu uja anandikankha ndi bondo kumsana, ine n'kugwa chafufumimba pamulu wa njerwa. Pa khamu lonse lija panalibe amene anati leka.

Mawa lake ndinayamba kutaya magazi. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anayesetsa, sindingawanamizire, koma ndinapita padera. Anali mwana wamwamuna. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndikugwira zipupa poyenda.

Ndinkaganiza kuti pamenepo anthu andimvera chisoni, koma ndi pamene chipongwe chinakula. Pamjigo amayi ankandifunsa akuseka kuti thumba la feteleza ndikugulitsa bwanji, poti kusitolo wakwera. Kusukulu anzake a Tadala ankamuitana kuti Feteleza, mpaka anasiya kupitako. Alamu anga, akulu awo a Levisoni, anabwera osati kudzandipepesa koma kudzatenga njinga ndi makina anga osokera, ati kuopa kuti bwana angadzalande. Potuluka anandiuza kuti m'bale wawo anali munthu wabwino asanandikwatire. Kutchalitchi anandiuza kuti ndiyambe ndasiya kutsogolera nyimbo mpaka nkhaniyi itaoneka mutu wake, ndipo ndikakhala pabenchi, anzanga ankasunthira kutsogolo mmodzimmodzi.

Choipa kuposa zonsezi ndi chimene chinachitika mumtima mwanga. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina anabadi. Ndinkawaona m'maganizo ali ndi mkazi wina ku Mozambique, akudya bwino, pamene ine ndakwirira mwana wawo. Ndinadana nawo munthu amene ndinakhala naye zaka khumi ndi zitatu osandimenyapo ngakhale kamodzi. Kupemphera ndinasiya, Baibulo ndinaliika pansi pa sutikesi.

Tsiku lina ndikupalira, ndinayang'ana chimanga changa chili chachikasu, chopinimbira chifukwa chosowa feteleza yemweyo amene ankati tili naye thiraki yonse. Ndinataya khasu n'kukhala pansi pakati pa mizere. Pemphero limene ndinapemphera silinali laulemu ayi. Ndinati, Ambuye, ngati ali moyo ndionetseni, ngati anafa ndipatseni mtembo, ndipo ngati anabadi ndipatseni mtima wowaiwala, koma musandisiye chonchi.

M'mawa mwake ndinachotsa chithunzi cha ukwati wathu pakhoma, n'kupita pamalo pamene mathiraki amaima pa Namitete. Dalaivala aliyense wotsika ndinkamuonetsa chithunzicho. Ena ankangogwedeza mutu, ena ankandiyesa wamisala. Wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundifunsa mtengo wanga. Ndinapirira masiku atatu.

Tsiku lachitatu panaima thiraki yonyamula mafuta, ndipo munatsika bambo wachikulire wovala kachisoti koyera ka Chisilamu. Dzina lawo ndi a Yusufu. Anatenga chithunzicho ndi manja awiri n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Awatu ndi a Levisoni. Mayi, wakuuzani ndani kuti anaba?"

"Bwana wawo."

"Kodi bwanayo anawaona akuba? Awa ndi membala wa bungwe lathu la madalaivala a mathiraki. Ife tinamva kuti anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi. Bwanji simunabwere kwa ife?"

A Levisoni ankanenadi za misonkhano ya bungwe, koma ine ndinkangoyesa macheza a abambo. A Yusufu anajambula chithunzicho ndi foni yawo, nachitumiza kugulupu ya madalaivala, kenaka anaimbira mlembi wa bungwelo, mayi Chimwaza. Taonani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Anthu amene ndinkaimba nawo kwaya anandithawa, ndipo Iye ananditumizira Msilamu wa thiraki yamafuta.

Mawa lake mayi Chimwaza anabwera okha kunyumba kwanga pa minibasi. Anali munthu woyamba kukhala pamphasa yanga chichitikireni zonsezi. Anandimvetsera osandidula, analemba zonse, anaona buku langa la kuchipatala, ndipo atafika pa nkhani ya mwana anasiya kulemba n'kundigwira dzanja. Sanandilonjeze kuti a Levisoni ali moyo. Anangoti munthu sasowa ngati singano, amufuna mpaka apezeke.

Bungwelo linalembera anzawo a bungwe la madalaivala a ku Mozambique. Madalaivala oyenda msewu wa ku Tete anayamba kuima m'zipatala, kupolisi ngakhale m'nyumba zachisoni, akuonetsa chithunzi chija. Patatha sabata ndi theka, a Yusufu anabwera nandipatsa foni yawo. Munali chithunzi cha munthu wowonda ngati ndodo, mutu uli m'mabandeji, ali gone pabedi la chipatala china cha ku Mozambique. Nkhope sindinaizindikire, koma ndinazindikira chala chawo chakumanja chimene chinapindika kalekale atapanidwa ndi jeke yonyamulira galimoto. Ndinakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo.

Zimene zinawachitikira a Levisoni ndi izi. Achifwamba anatseka msewu ndi mitengo, anawakokera pansi, nawamenya ndi zitsulo. Anatenga thiraki, foni ndi mapepala awo onse, n'kuwataya kuthengo poyesa kuti afa. Anthu owotcha makala ndi amene anawatola. Chibwano chinali chitathyoka ndipo mutu unavulala kwambiri, motero sankatha kuyankhula kapena kulemba dzina lawo. Achipatala anangowasunga ngati munthu wosadziwika.

Koma pali china chimene bungwe linafukula. Thiraki ija inapezeka sabata yoyamba yomweyo, yopanda katundu, mpando wa dalaivala uli magazi okhaokha. Bwana anauzidwa, anatuma munthu kukaitenga, anaitsukitsa, n'kuikamo dalaivala wina. Tsiku limene anthu ake ankandigwaditsa padzuwa, iye anali atalandira kale uthengawo. Kwa iye kunali kwapafupi kumutcha munthu mbava kusiyana ndi kumufunafuna ndi kumusamalira kuchipatala.

Bungwe linatuma anthu awiri kukawatenga, ndipo ndi iwo amene anayendetsa za mapepala pachipata cholowera m'dziko muno. Atafika pakhomo anawatsitsa mowagwirira, diso limodzi litafa. A Levisoni anakhala pampando, nandiyang'ana pamimba, kenaka kumsana kwanga. Anavutika nthawi yaitali kuti atulutse mawu, ndipo mawu oyamba amene ndinamva kwa iwo anali akuti, "Mwana?" Tadala ndi amene anawauza zonse, mmene anazionera ndi maso ake. A Levisoni anatembenukira kukhoma, misozi ikungoyenderera, popanda phokoso chifukwa pakamwa sipankatseguka. Pambuyo pake ndinawaululira kuti nanenso ndinafika powakayikira. Anangondigwira mutu.

Bwana uja poyamba anakana zonse, mpaka anaopseza mayi Chimwaza kuti awaonetsa zakuda. Iwo sanabwerere m'mbuyo. Loya wa bungwe anatengera nkhaniyi ku ofesi ya zantchito, kenaka kukhoti, ndipo nthawi zonse pamlandu pankakhala madalaivala odzaza mabenchi kumbuyo kwathu. Mamembala anagwirizananso kuti palibe amene akwere thiraki ya bwanayo mpaka nkhaniyi itatha. Magalimoto ake atayamba kuchita dzimbiri m'yadi, anafewa. Anavomera kulipira chipatala ndi chipukuta misozi, komanso analemba kalata yonena poyera kuti a Levisoni sanabe kanthu. Kalatayo mkulu wa mpingo anaiwerenga m'tchalitchi Lamulungu, anthu ali zyoli.

Sindikunamizeni kuti zonse zinabwerera mwakale. Munthu amene anandikankha uja anathawa ndipo mpaka pano sanapezeke. A Levisoni sadzayendetsanso galimoto, ndipo mawu awo amatuluka pang'onopang'ono ngati a mwana wophunzira kuyankhula. Alamu anga anabweza makina osokera koma kupepesa sanapepese. Ena ndinawakhululukira, ena ndikupemphabe Ambuye kuti andithandize, chifukwa pandekha zikundikanika. Komabe ndinapempha mtembo, Mulungu anandipatsa munthu wamoyo. Tadala anabwerera kusukulu ndipo dzina la bambo ake linayera.

Panopa bungwe lija likumenyera nkhondo kuti pakhale lamulo loti dalaivala akasowa pamsewu, mwini galimoto azikakamizidwa kumufunafuna ndi kudziwitsa banja lake asanayambe kumuneneza. Likufunanso malo otetezeka oimapo mathiraki m'misewu yoopsa. Kumisonkhano ya bungwe yokamba zimenezi timapita tonse awiri, ndipo a Levisoni akatopa ndi kuyankhula, ine ndimapitiriza.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mkazi wokwiya ali pakati pa mizere. Ndikuthokoza a Yusufu, mayi Chimwaza, ndi madalaivala amene sindidzawadziwa n'komwe, amene ankaimitsa mathiraki awo n'kulowa m'nyumba zachisoni kufunafuna mwamuna wa munthu wina. Amayi anzanga, funsani amuna anu lero ngati ali m'bungwe, ndipo nambala ya bungwelo muisunge inuyo. Ndipo inu amene lero anthu akukulozani zala pa mlandu umene simukuudziwa, musagonje. Pempherani ngakhale mawu ake akhale owawa, kenaka dzukani mukagogode paliponse.

Masiku ano mathiraki ambiri akamadutsa pafupi ndi nyumba yathu amaliza hutala kawiri potipatsa moni. A Levisoni, kaya ali kudimba kaya ali pakhonde, amasiya chimene akuchita n'kukweza dzanja m'mwamba. Ine ndikamva hutalayo ndimangoti, zikomo Ambuye, simunatitaye.