Thabwa Lachitatu la Makwerero

Ine, amene anzanga amanditchula kuti Amayi a Makiyi, wa zaka 56, wokhala m'nyumba nambala 2 pa nyumba zosanja za kuseri kwa msika, ntchito yanga kuchapa ndi kusita zovala za anthu, ndikunena izi mwa kufuna kwanga.

Pamalo pathu tilipo mabanja asanu ndi atatu. Zaka zitatu zapitazo tinagwirizana zosiya kugula aliyense chakechake. Tinasonkhanitsa wilibala, nyundo, sowo, mapoto akuluakulu ndi makwerero, n'kuziika m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Kiyi amakhala kwa ine, chifukwa anzangawo amati sindikhulupirira munthu. Akunena zoona.

Nyumba iliyonse ili ndi pegi yopanira zovala yolembedwa nambala yake. Mapegiwo amakhala m'chitini pazenera langa, mkati. Wobwereka chinthu amapana pegi yake pamsomali pomwe chinthucho chimakhala, akabweza n'kuichotsa.

Makwerero athu ndi amatabwa, opaka penti wobiriwira. Thabwa lachitatu kuchokera pansi linang'aluka kalekale. Kalipentala wa nambala 7 ndi amene anationetsa, n'kulonjeza kuti akonza. Lonjezolo latha chaka. Aliyense wa ife amalumpha thabwa limenelo, ngakhale ana amawerenga mokweza kuti loyamba, lachiwiri, lumpha.

Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 41, anabwera kudzakhala kwa ine masabata atatu apitawo ntchito itamuthera. Anthu anamupatsa dzina loti Chatsopano, chifukwa chinthu chogwirapo wina iye sachifuna. Nditamuuza za kachipinda kathu anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, amuna akuluakulu kumabwerekana nyundo ngati supuni?" Pamisonkhano yathu sanakhalepo, ndipo ine sindinamuonepo akukwera makwerero. Za mapegi ankazidziwa, poti chitini chili pomwe iye amagona.

Lachiwiri pa 14, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndinapita kukapereka zovala kunyumba yogona alendo, mtunda wa makilomita awiri. Mlongo wanga ndinamusiya ali pamphasa. Ndinabwerako 12 koloko itadutsa pang'ono, iye kulibe. Kiyi ndinamupeza pamsomali pake, koma chitini chinali chosatseka bwino. Ine chitini sindichisiya choncho.

Cha m'ma 2 koloko masana, mayi telala wa nambala 6, m'nyumba ya m'mwamba, anabwera kuchokera kogula nsalu. Amapita Lachiwiri lililonse, ndipo aliyense amadziwa. Anapeza chitseko chokhoma monga anachisiyira, zenera lakuseri lotsegula, makina osokera palibe. Zeneralo lili pamtunda wa mamita anayi kuchokera pansi. Makinawo ndi omwe amadyetsa ana ake, ndiponso tonse timasoketsa zigamba pamenepo.

Tinatsegula kachipinda kaja tili anthu asanu. Makwerero anali pamalo pake, miyendo yake ili ndi matope osauma, thabwa lachitatu litathyoka pakati. Pamsomali panali pegi ya nambala 7.

Ndisaname, poyamba ndinaganizira aliyense. Ndinaganizira wogulitsa makala, amene amayang'ana m'mazenera a anthu akamadutsa. Ndinaganizira mkamwini wa nambala 4, amene anabweza wilibala ili ndi tayala lina. Ndinaganiziranso kalipentala yemweyo, ndipo apolisi atabwera Lachitatu m'mawa, ndine ndinawaonetsa pegiyo. Anamutenga 10 koloko, ali ndi utuchi m'tsitsi.

Mlongo wanga anali atabwera Lachiwiri lomwelo cha m'ma 5 koloko madzulo, akutsimphina mwendo wakumanja. Anati wabinya potsika basi. Ndinamufunditsira madzi, koma anakana kuti ndimuthowe. Lachitatu anagona tsiku lonse, buluku osavula.

Lachinayi m'mawa mkazi wa kalipentala anabwera pakhomo panga ali ndi mwana kumbuyo. Sanalowe. Anati, "Amayi, inu mumadziwa kuti bambo akwathu ndi amene anatiphunzitsa kulumpha thabwa lija. Iwowo akaliponde?" Atachoka ndinakhala pansi n'kuwerenga nyumba zonse zisanu ndi zitatu, munthu mmodzimmodzi, kufuna amene sadziwa za thabwalo. Kunja kwa nyumba yanga sindinamupeze.

Masana ake mwendo wa mlongo wanga unatupa, ndipo anavomera kuti ndiuone. Chotupa sichinali pakakolo pomwe munthu amabinya. Linali bala lalitali pamsongolo, lokalika kuchokera pansi kupita m'mwamba. Mkati munali kachibanthu ka thabwa. Ndinakachotsa ndi pini, ndipo mbali imodzi kanali kobiriwira.

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, basi yake inali yamatabwa?" Anayang'ana kukhoma. Kenako anati, "Achemwali, za m'nyumba muno zithere m'nyumba muno." Sanavomere kanthu, sanakanenso. Pansi pa pilo wake ndinaona foni yatsopano ili m'bokosi lake. Sabata yatha analibe foni.

Sindinamuone akutenga kiyi, akukwera makwerero kapena akunyamula makina. Komwe kuli makinawo sindikudziwa. Kachibanthu kaja ndinakaika m'bokosi la machesi, ndipo ndapereka kwa wapolisi amene akulemba mawu angawa. Mukakayerekeze ndi thabwa lothyokalo, lomwe ndalitsekera m'kachipinda muja. Kiyi ali m'thumba mwangamu, sindinamusiyenso pamsomali.

Mwandifunsa ngati ndili ndi chifukwa ndi mlongo wangayo. Ndilibe. Ndi wa bere limodzi ndi ine, ndipo mayi athu atamwalira ndinamulera ndine, kumubereka kumsana uku. Mtima ukundiwawa pamene ndikunena izi. Koma kalipentala wagona m'chitokosi kupolisi kuno masiku awiri chifukwa cha pegi yomwe ndinaloza ndine ndi chala changa.

Pochoka kunyumba lero nthawi ya 8 koloko, mlongo wanga anandifunsa komwe ndikupita. Ndinamuuza kuti ndikukabweza chinthu cha eni ake. Ndamusiya ali pamphasa, ndipo ndi mwendo umenewo sangapite patali.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: ______________________

Wolemba umboni: ______________________