Magetsi Atsopano Atilanda Inswa

Pamzere wa pachigayo ku Chipata, mvula itangokata, Dolika anayamba kudandaulira bambo ena ovala ovolosi, osawadziwa n'komwe.

"Bambo, magetsi atsopano a mumsewuwa atilanda ndiwo. Kale inswa zinkadzaza beseni pansi pa getsi. Lero ukangokhala phee kudikira, lathima."

"Amayaka akaona chinthu chikuyenda, mayi. Tikuwaika ndife. Pholo lililonse limauza linzake kutsogolo kuti kukubwera munthu."

"N'chifukwa chake! Njinga ikangodutsa, inswa zonse zimalondola kuwalako mpaka kumsika."

"Ndiye mukumatani?"

"Ndawauza bambo a kunyumba azizungulira pholo, ine n'kumatola."

"Sakunyinyirika?"

"Anyinyirikirenji? Zaka makumi awiri akhala akungoyendayenda. Aka n'koyamba kuti kuyenda kwawoko kubweretse ndiwo pakhomo."