Ndakatulo imene inandichotsetsa ntchito

Abale mwa Ambuye, ine ndinali mphunzitsi wa Chichewa ku Lirangwe, nthawi ija tinkayankhula monong'ona ngakhale m'nyumba mwathu. Ndinali chidakwa, ndiponso wodzimva. Ndakatulo ndinkangoisenda ngati chinangwa: kuwerenga maphatikizo, kuona mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere, basi. Mtima wanga unali gwa.

Apolisi a ku Chileka anamva za luso langalo. Akagwira wolemba, ankandiitana kuti ndiwauze ngati ndakatulo yake ikunyoza boma. Ndikangovomera, munthu ankapita kundende, ine n'kupita ku kachasu.

Tsiku lina anagwira a Likoswe, onyamula katundu pabwalo la ndege, amene ankapekera nyimbo kwaya ya mpingo wawo. Ndakatulo yawo inkanena za m'bandakucha umene ukubwera ndi maunyolo amene adzaduke. Ndinawapeza m'chipinda cha apolisi atakhala pansi pakona, mlomo utatupa.

Ndinayamba ntchito mwachizolowezi. Mizere inali yolingana kutalika, yogunda ngati mapazi a anthu oyenda limodzi, ndipo mathero ake ankayankhana. Mkulu wa apolisi anatopa nazo. Anandilamula kuti ndiiwerenge mokweza, kenako ndinene mzimu wake.

Ndinawerenga. Ndili pakati, maso anga anatseguka. Zaka zonsezo ndakatulo ndinkangoziyeza, sindinazimvepo. A Likoswe, omenyedwawo, anali ndi chiyembekezo, ine woyenda mfulu ndinalibe. Ndinachita manyazi, ndinalira. Pomwepo Yesu anandigwira, mantha n'kuchoka.

"Bwana, mzimu wake ndi chiyembekezo," ndinatero. "Ngati umenewo ndi mlandu, mundimange nanenso, chifukwa wandilowa."

Anandimangadi. Potuluka ndinapeza ntchito yatha, katundu wanga ali panja pa nyumba ya sukulu. Koma popanda umboni wanga mlandu uja sunapite patali, ndipo a Likoswe anabwerera kwa ana awo. Mowa sindinaulawenso.

Alipo amene amanditchabe chitsiru chotaya ntchito ya boma chifukwa cha nyimbo. Anene, pakamwa mpawo. Ine ndimalirira okhawo amene ndinawapereka kale, ndipo ndikanabwereranso m'chipinda chija ndikanayankha chimodzimodzi.

Alemekezeke Yesu amene anandiimiritsa. Inu amene mukudya chifukwa chotseka pakamwa, bwerani kwa Iye lero. Njala ndinaiona ine, siiwawa ngati mantha.