Chilonda cha Mai Zuze Chinadikira Bwana

Zaka zimenezo, ine ndikuphunzira ntchito ya mano pa chipatala china kuno ku Chigwa, wophunzira anali ndi ufulu waukulu zedi: ufulu wotsuka zida, wogwira mutu wa wodwala, ndi wonena kuti "inde bwana". Ndiye iwe Esinati ukamadandaula kuti aphunzitsi ako a matenda a m'kamwa amakusiya udule wekha kanyama pachilonda cha wodwala, ukaunike wekha pa makina, iwo n'kubwera pambuyo kudzaona ngati walondola, ine ndimangoti pepa mdzukulu wanga, akukuzunza kwabasi.

Tamverani nonse. Kunabwera Mai Zuze, ogulitsa nsomba ku Chiromo, mmodzi mwa amayi aja ankasuta ndudu moto uli m'kamwa kuti mphepo ya kumtsinje isauzime. Kumwamba kwa m'kamwa mwawo kunali chilonda cholimba, choyera m'mbali, chosapweteka n'komwe. Dzina la matendawo sindinkalidziwa, koma anali atatiphunzitsa kuti chotere umadulako kanyama n'kutumiza ku Blantyre, ndipo botolo linalipo, mankhwala analipo, manja ndinali nawo. Chosowa chinali chilolezo, pakuti lamulo linkati wophunzira asadule kanthu bwana, dokotala wamkulu, asanaone, ndipo bwana anali ku semina, kumene ankaphunzira, ndikhulupirira, za kasamalidwe ka odwala.

"Mubwerenso mwezi wamawa, amayi," ndinatero.

"Ndabwera pa bwato, mwananga. Iweyo sungandione?"

"Ndakuonani, koma kuona kwanga sikuwerengedwa."

Anabweradi, bwana ali ku semina ina. Kenako mtsinje wa Ruo unasefukira, njira n'kuduka, ndipo pamene madzi ankaphwa, mayiwo anafika atachita kunyamulidwa ndi ana awo, ngakhale phala silinkadutsa pakhosi. Bwana anali katswiri, pamenepo sindingawanamizire. Anangosuzumira n'kutchula dzina la khansayo m'Chingerezi chokoma, kenako n'kundicheukira: "Nanga munachedwa nawo bwanji?" Mai Zuze sanalawe mapira a chaka chimenecho, ndipo ine zimandiwawa mpaka lero.

Tsono Esinati, mantha odula wekhawo ukhale nawo ndithu, si oipa, ndipo ukakayika uziwaimbira aphunzitsi ako, foni si yojambulira nkhope yokha. Koma munthu akatsegula pakamwa pamaso pako, usamubweze kuti akadikire wamkulu. Chilonda sichidziwa kuti ndiwe wophunzira.