Khoma Lopanda Simenti

Malemu anabadwa pa 9 Januwale 1959, kukugwa mvula yamvumbi imene inatha masiku atatu osakata. Amayi awo ankati azamba anafika nsapato zili m'manja. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali telala.

Akuluakulu nonse, abale ndi anansi, alamu anga anapempha kuti mbiriyi awerenge ndi iwo, poti ine pakamwa mpolemera. Ndakana. Ndakhala ndi malemu mkazi wanga zaka makumi anayi ndi miyezi khumi. Ndiwerenga ndekha, mundipirire.

Sukulu anayamba mu 1966. Ali Sitandade 5 anatola buku lopanda chikuto limene kasitomala wina anaiwala pa shopu ya bambo awo. Munali zithunzi za mizinda ya anthu akale, manda a mafumu aatali ngati mapiri, ndi zilembo zodinda pa dongo. Mwini wake sanabwerenso. Bukulo lilipo mpaka lero, lomata ndi nsalu ya yunifolomu. Mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mu 1981 anamaliza maphunziro auphunzitsi n'kuyamba kuphunzitsa mbiri yakale.

Tinakumana mu 1982. Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo chaka chimenecho ndinkamanga makalasi atsopano pasukulu yawo. Tsiku lina ndili pa katawala wokwerapo pomanga, pafupi ndi windo, ndinawamva akuuza ana kuti kuli mabwinja a mzinda wakale kumene makoma amiyala, aatali kuposa nyumba yosanja, aima zaka mazanamazana popanda simenti ngakhale matope. Ndinati, "Bodza." Kalasi yonse inafa nako kuseka. Malemu anatuluka, choko chili m'manja, nandiuza kuti nditsike ndikafotokozere anawo. Sindinatsike. Tinakwatirana pa 20 Ogasiti 1983. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti a Simenti. Malemuwo ana asukulu ankawatchula Mayi Kalekale, chifukwa phunziro lililonse ankaliyamba ndi mawu amenewo.

Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, m'masukulu atatu. Sankakhutira ndi bolodi. Ana ankaumba timapale ta dongo, kulembapo ndi bango, n'kuyanika pa mawindo. Nthawi ina ndinafika pantchito n'kupeza mulu wanga wa mchenga wasanduka mzinda, wokhala ndi ngalande zothirira minda, ana a Fomu 2 akuthiramo madzi ndi ndowa. Ndinakwiya. Malemu anangoti mchenga sunachepe, wangophunzira. Ankakonda kunena kuti mwana amene akuganiza kuti nzeru zinayamba dzulo amanyoza agogo ake, ndipo mawa adzadzinyoza yekha.

Mu 1998 anapita koyamba kukaona mabwinja aja, pamodzi ndi aphunzitsi anzawo. Ndi ulendo wa masiku awiri pa basi. Anabwerako miyendo itatupa, atanyamula zithunzi makumi atatu ndi kope lodzaza ndi zimene anawauza wolondolera alendo wa kumeneko. Kuyambira 2001 ankatenga ana asukulu chaka ndi chaka. Atapuma ntchito mu 2019 sanasiye. Anawonjezera anamwino, amayi a pamsika ndi aphunzitsi opuma. Amene munapita nawo mukudziwa malamulo awo: osatola ngakhale kamwala, osalemba dzina pakhoma, ndipo pofika aliyense akhale chete kaye, aone ndi maso ake asanauzidwe kanthu.

Maulendo onse anakwana makumi awiri ndi umodzi, chifukwa zaka ziwiri za mliri sanapite. Ulendo uliwonse ankandisungira mpando. Ulendo uliwonse ndinkati ndili ndi ntchito. Ntchito inalipo, koma chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Ndinanena kuti bodza pamaso pa ana, ndipo sindinkafuna kukaima patsogolo pa khoma limene ndinalinenera bodza.

Pali china chimene ana anga sakuchidziwa. Mu 2003 ndinatuta miyala ndi wilibala n'kuyamba kumanga kuseri kwa nyumba, popanda simenti. Ndinati ndi khola la nkhuku. Ndinkafuna ligwe, kuti ndiwaonetse. Linagwadi, kawiri. Koma litagwa kachiwiri chinandipweteka, chifukwa sindinazolowere kuti chimene ndamanga chigwe. Ndinatenga zithunzi zawo iwo ali kusukulu, ndinaziyang'ana sabata yathunthu. Ndinaona kuti khomalo ndi lonenepa pansi, limka liwonda pokwera, ndipo mbali zonse ziwiri zimatsamira mkati. Mwala uliwonse wakhala pa miyala iwiri. Ndinamanganso kachitatu. Laima zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ena mwa inu mwalitsamira panopa.

Malemu sanandiseke. Anangofunsa kuti lagwira bwanji. Ndinayankha kuti, "Litsamire mkati. Mwala umodzi pa iwiri." Analemba m'kope. Nkhuku sitinaikemo. Ankangoyanikapo zovala zanga zantchito, osanena kanthu, koma ine ndinkamva.

Anayamba kudwala impso mu Malichi chaka chino. Pa 2 Juni anagonekedwa m'chipatala. Namwino amene ankawasamalira anali mwana wawo wasukulu. Atandiona anati, "Kodi a Simenti aja ndinu? Ife timayesa Mayi amangopeka!" Ndinafunsa kuti wandidziwa bwanji. Anandiuza kuti gulu likafika pakhoma lalikulu, wolondolera alendo akamaliza zake, malemu ankagwira mwala n'kunena kuti za kamangidwe anawaphunzitsa ndi amuna awo, mmisiri amene anamanga khoma lotere ndi manja ake, ndipo tsiku lina adzabwera kudzafotokoza yekha. Ankanena zimenezo chaka chilichonse. Ine sindinkadziwa. Ndinayang'ana pabedi. Anali atatsinzina, koma munthu wogona samwetulira choncho.

Pa 10 Juni anandipatsa kope lawo. Anati ulendo wa chaka chino ndi wa pa 26 Julayi, ana makumi anayi a Fomu 3 akuyembekezera, ndipo mpando wawo usapite wopanda munthu. Ndinati, "Tiona." Limenelo ndilo yankho lomaliza limene ndinawapatsa pankhaniyi. Anatisiya pa 13 Juni 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu.

Ahedi a sukulu atabwera kudzapepesa anandiuza kuti ulendo walephereka. Aphunzitsi amene analowa m'malo mwa malemu sanafikeko kumabwinjako, ndipo akuopa kutsogolera ana okha. 

Malemu asiya ine mwamuna wawo, ana atatu, awiri aakazi ndi mmodzi wamwamuna, zidzukulu zisanu, mchimwene wawo mmodzi ndi ang'ono awo awiri. Asiyanso ana asukulu amene sindingathe kuwawerenga. Ambiri ndikukuonani muli pano, ena muli ndi imvi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, makamaka mwana wawo uja amene ankawatembenuza pabedi ngati mayi ake omubala. Ndikuthokoza adalaivala amene anawayendetsa maulendo khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo ndi omwenso anyamula thupi kuchokera kuchipatala. Ndikuthokoza wolondolera alendo uja, bambo wachikulire amene sindinamuonepo, amene anaimba foni n'kulephera kumaliza mawu. Anansi, amisiri anzanga, apongozi ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, zikomo.

Mayi a ana anga, munanena zoona mu 1982. Wabodza ndinali ine. Ndachedwa kukuuzani, ndiye ndanena pamaso pa anthu, monga momwe ndinakutsutsirani pamaso pa anthu. Muuse mumtendere.

Nditamaliza kulemba mbiriyi dzulo masana, ndinapita pamene anakhala ahedi n'kuwauza kuti ulendo usalephereke. Aphunzitsi atsopano adzawerenga za m'kope, ine ndidzafotokoza za khoma. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga levulo yoyezera khoma ndi chingwe changa, n'kuziika m'chikwama chawo cha paulendo.