Ndinakhazika apongozi patebulo limodzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Lero ndabwera ndi manyazi anga. Ndinatsala pang'ono kuphetsa mayi wa eni, Mulungu akanapanda kulowererapo.

Ine ndine mphunzitsi wa Chinyanja, wobadwira m'komboni ya Bwacha. Chaka chatha kunachitika msonkhano wa akatswiri a zilankhulo muno mu Kabwe, ndipo ntchito yokonza maulendo ndi malo ogona a alendo anandipatsa ine. Mwa alendowo munali Amayi Tisaine a ku Katete, amene tinawaitana kudzaimba ndi kumasulira nyimbo khumi za pamtondo zomwe ife am'tauni sitizidziwa. Poti amadwala shuga, anabwera ndi owaperekeza, a Banda. Matikiti a basi ndinagula ndine, mipando yoyandikana, osafunsa n'komwe kuti a Bandawo ndi ndani wawo.

Atafika, mayiwo anapempha kuti azikagona kwa mng'ono wawo kukomboni ya Makululu. Ine ndinakana. Ndinati mlendo wa msonkhano waukulu sangamadumphe matope m'mawa uliwonse kuthamangira minibasi. Kunena zoona, ndinkaopa kuti maprofesa amva kumene tawagoneka. Choncho ndinawaika pa loji pomwe panali msonkhanopo, aliyense chipinda chake, koma pa chakudya tebulo limodzi, maina atalembedwa pa timapepala. Ndinadziona katswiri.

Tsiku lachiwiri masana, nthawi yawo yoimba itayandikira, Amayi Tisaine anagwa pakhomo la holo, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. A Banda anangoima potero, chipewa kumanja, osawakhudza. Ine nzeru zinandithera. Ndinagwira kolona wanga n'kuti, Ambuye, musalole kuti afere m'manja mwanga.

Yankho linachokera kukhitchini. Bana Mwape, mayi wotsuka mbale pa lojipo, anathamanga ndi tiyi wa shuga wambiri n'kuyamba kuwamwetsa pang'onopang'ono. Kenako anandiyang'ana nati, "Ba ticha, simunaone? Mbale yao ibwela chabe yosagwila kuchokela dzulo. Baja amudala anakwatila mwana wao. Manje bazadya bwanji pamenso pa apongozi?"

Ankanena za a Banda. Kuyambira m'basi muja mayiwo sanadye chilichonse cholimba, koma mankhwala a shuga ankamwa osaphonya. Ine wa digiri ya chilankhulo, amene ndimaphunzitsa ana mawu akuti mpongozi, ndinaiwala kuti kwathu apongozi sadyera pamodzi.

Bana Mwape anawatengera kuseri n'kuwadyetsa ali okha, ndipo anesi amene tinawaitana atawayeza anati ngozi yadutsa. Amayi Tisaine anaimba atakhala pampando, mawu ali otsika, nyimbo ziwiri zokha. Madzulo ndinawaperekeza ndekha ku Makululu. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, ukanangofunsa." Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu yemwe dzina lake silinali pa pulogalamu. Inu amene mwalakwitsa ndipo mtima ukukutsutsani, musasiye kupemphera, chifukwa Iye amapulumutsa ndi odzikuza omwe.

Amayi Tisaine ali moyo, koma anati ulendo wautali wa basi sadzayendanso. Nyimbo zisanu ndi zitatu zija ndiyenera kuzitsatira ndekha ku Katete, ndipo ndikakafika ndidzakhala pamene iwo adzandiloze.